Chindapusa cha kuchedwa chikaoloka malire

Ku Kanakantapa munthu akafuna nyumba amaitana mmisiri, nkugwirizana mtengo ndi mwezi womaliza. Ntchito ikachedwa, nkhani imathera pakhonde. Misewu ikuluikulu ngati Great East Road, umene timakwerapo basi ya ku Chongwe, simangidwa choncho. Imayendera mabuku okhuthala a mapangano, ndipo lodziwika kwambiri ndi Red Book ya FIDIC, bungwe la mainjiniya lomwe linakhazikitsidwa mu 1913. Bukuli linatuluka koyamba mu 1957, litatengera kalembedwe ka mapangano a ku England.

Koma buku lomweli limamveka mosiyana likaoloka malire. Zambia imayendera common law ya Angelezi, momwe zigamulo za oweruza akale zimamanga oweruza a lero. Mozambique, kwa anansi athu a doko la Nacala, imayendera civil law: lamulo linalembedwa kale mu Código Civil ya 1966, yochokera ku Portugal, ndipo kontrakiti iliyonse imakhala pansi pake.

Taonani mawu akuti delay damages, pa ndime 8.7 ya buku la 1999. Ndi ndalama zimene kontrakitala amadulidwa pa tsiku lililonse lochedwa. Ife tingati chindapusa, koma loya wa ku Lusaka angakutsekeni pakamwa msanga. Mu common law, monga unagamulira mlandu wa Dunlop mu 1914, ndalamazi ziyenera kukhala chiyerekezo choona cha zomwe mwini ntchito adzataye. Zikaoneka kuti nzongoopsezera, khoti limataya ndime yonseyo, silichita kuchepetsako. Ku Tete, m'Mozambique, chindapusa nchololedwa ndithu, ndipo ndime 812 ya Código imapatsa woweruza mphamvu yochitsitsa chikanyanya. Pepala ndi lomwelo, siginecha ndi yomweyo, koma ndalama zotuluka m'thumba nzosiyana.

Force majeure nawo ndi mawu a Chifalansa amene malamulo a civil law ali nawo tanthauzo lawolawo. Mu 2017 FIDIC inawachotsa nkuika Exceptional Events.

Chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi masiku 28 a pa ndime 20.1 ya buku la 1999. Kontrakitala akapanda kudziwitsa injiniya m'masiku amenewa, dandaulo lake lafa. M'maiko a civil law angathe kuchonderera pa mfundo ya boa-fé, kuchitirana mokhulupirika. Kuno oweruza amatsata zimene zinalembedwa. Makontrakitala ang'onoang'ono a ku Chongwe, amene amayembekezera gawo la 20 peresenti loperekedwa kwa eni dziko pa ntchito za misewu, amathamangira tsamba la mitengo. Ndikadakonda akadayamba ndi ndime 1.4, imene imanena lamulo la dziko liti, ndi chilankhulo chiti, zidzaweruze mkangano ukabuka.