Malemba Obisika m'Kati mwa Mbeu

Mlimi ali yense adziwa kuti nyemba sizibala cimanga. Koma cimene cimauza mbeu zoti ibale, anthu anacipeza mocedwa.

Woyamba anali Gregor Mendel, wansembe wa ku Brno ku Ulaya, amene anali kulima nsawawa. Atakwatitsa zazitali ndi zazifupi, zomera zonse zinatuluka zazitali. Koma atabzala mbeu za zimenezi, pafupifupi imodzi mwa zinai ziri zonse inabwerera ku ufupi. Anasindikiza nkhaniyi mu 1866, ndipo anthu sanaisamale kufikira 1900. Inu amene mumabzala cimanga ca haibulidi cosunga m'nkhokwe, mapesi osalingana aja ndi nkhani yomweyi.

Mu 1953 James Watson ndi Francis Crick ku Cambridge, mothandizidwa ndi zithunzi za Rosalind Franklin wa ku London, anaonetsa maonekedwe a DNA. Uwu ndi ulusi wopotana pawiri ngati cingwe, wokhala m'tizipinda ting'onoting'ono ta zamoyo, tochedwa maselo. Pa ulusiwo pali zilembo zinai zokha: A, T, G ndi C.

Nanga zilembozo zisanduka bwanji mapuloteni, zomanga thupi zija? DNA iri ngati buku la ku boma, losaturuka mu ofesi. Mau ofunika amakopedwa pa kalata, RNA, ndipo kalatayo ipita ngati ya mesenjala kwa kammisiri kochedwa ribosome. Kameneka kawerenga zilembo zitatuzitatu, ndipo pa liu liri lonse kabveka mkanda umodzi pa ulusi. Mikandayo, ochedwa ma-amino acid, iripo mitundu 20. Ulusi ukatha ndi kupindika, ndiye puloteni.

Liu loyamba analiwerenga Marshall Nirenberg ndi Heinrich Matthaei ku America mu 1961. Anapanga kalata ya cilembo cimodzi cobwerezabwereza, U (cimene ciimira T pa RNA), ndipo anapeza mkanda wa mtundu umodzi wokhawokha, phenylalanine. Nzeru yace inali yapafupi, koma inatsegula khomo. Pofika 1966 mau onse 64 anadziwika, atatu mwa iwo otanthauza "lekeza apa". Cimanga, ng'ombe ndi munthu ziwerenga mauwa mofanana.

Malembawo akasintha pamalo pamodzi, cakudya cisinthanso. Mu 1964 Edwin Mertz ndi anzace ku Purdue anapeza kuti cimanga cochedwa opaque-2 ciri ndi lysine wambiri, mkanda wosowa m'nsima yathu umene ana aufuna kuti akule. Maso ace anali ofewa, anankafumbwe naacikonda, ndipo akatswiri a ku Mexico anatha zaka zambiri akucilimbitsa.