Mapu a nkhondo pakhoma: nanga akufa ali kuti?

Masiku ano kwabwera kachizolowezi kena pakati pa anthu ophunzira: kugula mapu a nkhondo zakale, kuwaika mufelemu yagalasi ndi kuwapachika pabalaza kapena mu ofesi. M'masitolo a nyumba zosungiramo zinthu zakale ku Ulaya ndi ku America, ngakhalenso pa intaneti, mupeza mapu a Waterloo, Trafalgar ndi Gettysburg, osindikizidwa dzulodzuloli koma pa pepala lofiiritsidwa dala kuti azioneka okhalitsa. Ndisaname, ndi okongola ndithu. Timabokosi tofiira apa, tabuluu apo, mivi yokhotakhota, mitsinje ndi timapiri tojambulidwa mwaluso. Komatu akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ine funso langa ndi limodzi basi: pa pepala laudongo chonchi, akufa ali kuti?

Tiyeni tiyambe ndi Waterloo, popeza mapu ake ndiwo amapachikidwa kwambiri. Nkhondoyi inachitika pa 18 Juni 1815, kumwera kwa mzinda wa Brussels, m'dziko lomwe lero ndi Belgium. Napoleon wa ku France anali ndi asilikali oposa 70,000. Duke of Wellington ankatsogolera asilikali pafupifupi 68,000 ochokera ku Britain, Netherlands ndi madera a Germany. Chakumasana kunatulukira gulu lachitatu, la asilikali a Prussia motsogozedwa ndi Blücher, ndipo linathira nkhondo Afalansa cha kudzanja lawo lamanja. Pofika usiku Napoleon anali atagonja, ndipo anthu pafupifupi 50,000 anali ataphedwa kapena kuvulala, tsiku limodzi lokha, pamalo oti munthu angathe kuwazungulira wapansi.

Ena mwa mapu otchuka a nkhondoyi ndi a William Siborne, msilikali wa ku Britain amene anali katswiri woyeza malo. Mu 1830 akuluakulu a asilikali anamupatsa ntchito yopanga chifaniziro cha bwalo lonse la nkhondoyo. Bamboyu sanachite zongoyerekeza ayi. Anakakhala miyezi 8 pa famu ya La Haye Sainte, pakatikati pa malo amene anthu anamenyanirapo, n'kumayeza chulu chilichonse ndi kanjira kalikonse. Kenako analembera makalata akuluakulu a asilikali amene anapulumuka, kuwafunsa pomwe anaima ndi zomwe anaona cha m'ma 7 koloko madzulo, ndipo analandira mayankho pafupifupi 700. Mu 1838 chifanizirocho chinaonetsedwa ku London, chili ndi tizidole tachitsulo toposa 70,000.

Apa ndi pomwe panavuta. Siborne anaika asilikali a Prussia ambirimbiri mkati mwenimweni mwa nkhondo pa ola lomwelo limene Angerezi ankanyadira kuti anapambana okha. Wellington sanakondwere nacho chifanizirocho. Boma linali litasiya kale kupereka ndalama, Siborne anatsala ndi ngongole, ndipo patapita zaka anachotsa tizidole tambiri ta Prussia. Wolemba mbiri Peter Hofschröer, m'buku lake la mu 2004, akunena kuti anachita izi pofuna kusangalatsa akuluakulu kuti mwina angamuthandize kubweza ngongolezo. Siborne anamwalira mu 1849, ndipo chifanizirocho chili ku National Army Museum ku London. Buku lake la mbiri ya nkhondoyi, lokhala ndi mapu ake, linatuluka mu 1844.

Mwaona, awerengi? Ngati gulu lonse la asilikali amoyo lingachotsedwe ndi chala chifukwa bwana wakwinya nkhope, kuli bwanji mitembo? Mapu a nkhondo si galasi loonetsa zomwe zinachitika. Ndi umboni wa munthu mmodzi pa bwalo la milandu, ndipo mboniyo ili ndi amene akuidyetsa.

Za mitembo ya pa Waterloo nkhani yake ndi yochititsa nthumanzi. Ngakhale panafa anthu ochuluka chotere, akatswiri ofukula zakale apeza mafupa athunthu a anthu owerengeka chabe. Mu 2022 ofufuza ena anatulutsa umboni wosonyeza kuti mafupa ambiri ayenera kuti anafukulidwa patapita zaka n'kugulitsidwa ku mafakitale a shuga, kumene makala a mafupa ankawagwiritsa ntchito poyeretsa shugayo. Taganizani! Mwana wa munthu kufa chifukwa cha mfumu, mafupa ake n'kukathera m'fakitale, dzina lake osapezeka pena paliponse. Pa mapu paja iye ndi kachidutswa chabe ka kabokosi kofiira.

Koma si mapu onse otero. Pali ena amodzi amene nawonso amapachikidwa m'maofesi, makamaka a anthu a masamu ndi ojambula, ndipo ine ndimawavulira chipewa. Anawajambula ndi Charles Joseph Minard, injiniya wa milatho ndi misewu wa ku France, mu 1869, ali nkhalamba ya zaka 88. Akuonetsa ulendo wa asilikali a Napoleon wopita ku Russia mu 1812. Minard sanajambule timabokosi ayi. Anajambula mzere wokhuthala ngati mtsinje wodzaza, ndipo milimita imodzi ya kukhuthala kwake ikuimira anthu 10,000. Pa mtsinje wa Niemen, poyambira ulendo, mzerewo ndi wa anthu 422,000. Ukamapita kum'mawa ukunka nuchepa, ndipo pofika ku Moscow atsala 100,000.

Pobwerera mzerewo ndi wakuda. Pansi pake Minard analemba kuzizira kwa masiku ena a ulendowo, mpaka kufika madigiri 30 pansi pa ziro pa muyezo wa Réaumur, omwe ndi pafupifupi 38 pa muyezo wa Celsius umene tinauzolowera. Powoloka mtsinje wa Berezina mu Novembala, mzerewo ukudumpha kuchoka pa 50,000 kufika pa 28,000. Pobwereranso pa Niemen watsala ngati ulusi: anthu 10,000. Ndipo chodabwitsa n'chakuti dzina la Napoleon silinalembedwe pamapupo. Nkhalambayo inasiya mfumu kunja n'kuwerenga anyamata amene sanabwerere kwa amayi awo. Edward Tufte wa ku America, m'buku lake la mu 1983, anawatamanda kuti mwina ndi chojambula cha ziwerengero chopambana zonse, ndipo kuchokera pamenepo anthu ambiri anayamba kuwagula kuti apachike.

Nkhaniyi isaoneke ngati ya Azungu okhaokha. Tsegulani mabuku a nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ija makolo athu ankaitcha ya Chiwaya. Mupeza mapu oonetsa nkhondo ya ku Karonga ya mu Seputembala 1914, ndi mivi ya asilikali a Northey yochoka ku Nyasaland mu 1916 kulowa m'dziko la Ajeremani kukasaka von Lettow-Vorbeck. Muvi uja pa pepala umaoneka ngati ukuyenda wokha. Eti muvi n'kuyenda wokha? Unkayenda pa makosi a amtengatenga, amuna pafupifupi 200,000 a dziko lino amene anasenza ufa, zipolopolo ndi mahema, ambiri mokakamizidwa, ndipo ochuluka anafa ndi njala, kamwazi ndi chibayo. John Chilembwe anadandaula za magazi a anthu a dziko lino m'kalata yake yopita ku nyuzi ya Nyasaland Times chakumapeto kwa 1914. Pa mapu palibe kabokosi ka mtengatenga.

Tsono sindikuti tichotse mapu m'makoma. Mapu amathandiza. Amatiuza chifukwa chake famu imodzi kapena mlatho umodzi unadya anthu ambiri chotero, ndipo mwana amene wakula akuwaona angathe kudzakonda mbiri. Chimene ndikukana ine n'kuwasandutsa maluwa, kuwasankha poti mtundu wake ukugwirizana ndi makatani. Musanakhome msomali, dzifunseni mafunso atatu: anajambula ndani, analipira ndani, nanga anasiyidwa ndani? Mlendo akaima pansi pake n'kunena kuti "koma ndiye n'zokongola," musangomwetulira. Muuzeni kuti kabokosi kalikonse ndi anthu mazanamazana, aliyense ndi dzina lake, ndiponso kuti kuseri kwa muvi uliwonse kunali mzere wa osenza katundu amene wojambula sanawaone.

Mukalephera kuyankha mafunso atatuwo, kuli bwino mupachike kalendala.