Oopa Mulungu a m'masunagoge akale

Pa nthawi imene Chikhristu chinkayamba, m'mizinda ya ufumu wa Aroma munali anthu amene sanali Ayuda koma ankapembedza Mulungu wa Ayuda. Buku la Machitidwe a Atumwi limawatcha oopa Mulungu, penanso opembedza Mulungu. Anali Agiriki, Aroma, Asiriya ndi a mitundu ina, obadwira m'mabanja opereka nsembe kwa mafano, koma likafika Sabata ankalowa m'sunagoge kukamva chilamulo cha Mose ndi mawu a aneneri. Moyo wawo ndi umene umaonetsa bwino zimene Akhristu oyamba ankatanthauza akamati wakuti amaopa Mulungu.

Gululi linayamba chifukwa Ayuda anali atamwazikana. Ambiri ankakhala kunja kwa dziko lawo, ku Alexandria, ku Antiokeya, ku Efeso ngakhale ku Roma komwe, ndipo kulikonse kumene ankakhazikika ankamanga sunagoge. Zaka zoposa 200 Yesu asanabadwe, mabuku a Mose anamasuliridwa m'Chigiriki ku Alexandria, motero mlendo aliyense wolowa m'sunagoge ankatha kumva zowerengedwa. Zimene ankamvazo zinali zachilendo: Mulungu mmodzi yekha, wosaoneka, wopanda fano, amene amafunsa za muyeso wa wamalonda ndi za chakudya cha mwana wamasiye. Milungu ya m'mizinda kawirikawiri inkakhutira ndi nsembe yoperekedwa pa tsiku lake.

Komabe kukhala Myuda weniweni sinali nkhani yamasewera. Mwamuna ankayenera kudulidwa, chinthu chimene Agiriki ndi Aroma ankachiona chamanyazi. Ankayeneranso kusiya nkhumba ndi maphwando a amisiri anzake, chifukwa nyama ya kumeneko inkayamba yaperekedwa kwa fano, ndipo wosiya maphwandowo ankataya makasitomala ndi abale omwe. Choncho ambiri anaima pakati. Anali ngati anthu a m'kalasi amene amapemphera limodzi ndi mpingo koma sadya nawo Mgonero, kusiyana kwake n'kwakuti iwowa ankatha kukhala choncho mpaka imfa. Kwa amayi njira inali yopepukirapo, ndipo wolemba mbiri wachiyuda Josephus akunena kuti ku Damasiko pafupifupi akazi onse a eni mzinda anali atakopeka ndi chipembedzo cha Ayuda. Ku kachisi wa ku Yerusalemu malire ake anali ooneka ndi maso: panali kampanda kamiyala kokhala ndi zikwangwani zochenjeza kuti mlendo wodumpha pamenepo wadziitanira yekha imfa. Mwala umodzi wa chenjezolo unapezeka mu 1871 ndipo ukusungidwa ku Istanbul.

Wodziwika kwambiri mwa anthuwa ndi Korneliyo, mkulu wa asilikali 100 ku Kaisareya, mzinda wa padoko umene bwanamkubwa wachiroma ankakhalako. Luka, mlembi wa buku la Machitidwe, pomufotokoza satchula zakuti ankanjenjemera kapena kulota moto wa chiweruzo. Akutchula zinthu zooneka: ankapemphera kosalekeza, ankapatsa osauka mowolowa manja, ndipo banja lake lonse linkamutsatira. Mngelo anamupeza akupemphera cha m'ma 3 koloko masana, ora limene ku kachisi kunkakhala mapemphero, n'kumuuza kuti aitanitse mtumwi Petro. Petro atafika kuchokera ku Yopa anapeza nyumba yodzaza ndi abale ndi abwenzi a mwini nyumba, onse akudikira kumva. Apa ndi pamene Petro anavomera kuti Mulungu alibe tsankho, amalandira wa mtundu uliwonse amene amamuopa ndi kuchita chilungamo.

Ziwirizi, kuopa ndi kuchita chilungamo, ndiye phata la nkhani yonse. Munthu wogwidwa mantha amathawa chimene akuchiopa, koma awa ankasendera pafupi ngakhale panali mpanda wowatsekereza. Kuopa kwawo kunali kuzindikira kuti pali Wina woyera amene amaona zobisika, amene mawu ake amaposa a mfumu ndi a msika, ndipo kuzindikirako kunkafika m'thumba ndi pa mbale. Korneliyo, msilikali wa dziko lolamulira anzake, wokhala ndi mphamvu zolanda, ankagawira anthu omwewo amene akanatha kuwadyera masuku pamutu. Umboni woposa pamenepa ndi wosowa.

Paulo anawapeza pafupifupi kulikonse. Ku Antiokeya wa ku Pisidiya analankhula kwa Aisraeli ndi kwa oopa Mulungu pamodzi. Ku Filipi anakumana ndi Lidiya wa ku Tiyatira, wogulitsa nsalu zofiirira za mtengo wapatali, akupemphera ndi amayi anzake m'mbali mwa mtsinje. Iye anabatizidwa ndi a m'nyumba yake, n'kukakamiza Paulo ndi anzake kuti akagone kwake. Ku Korinto, atakanidwa m'sunagoge, Paulo anasamukira m'nyumba ya Tito Yusto imene inali khomo loyandikana nalo. Anthuwa ankadziwa kale Malemba, choncho mipingo yambiri inayambira m'nyumba zawo. Msonkhano wa atumwi ku Yerusalemu, cha m'ma 49, unawachotsera goli la mdulidwe, n'kungowapempha kupewa zoperekedwa kwa mafano, magazi, nyama yopotola ndi chiwerewere.

Mu 1981 katswiri wina wa ku America, A. T. Kraabel, anakayikira ngati gulu lotere linakhalakodi, poganiza kuti Luka anangolipeka pofuna kukometsa nkhani yake. Yankho lamphamvu linachokera pa mwala. Mu 1976, m'mabwinja a mzinda wa Aphrodisias ku Turkey, munafukulidwa chipilala chokhala ndi mayina a anthu ogwirizana ndi sunagoge wa kumeneko, ndipo Joyce Reynolds ndi Robert Tannenbaum anasindikiza zolembedwazo mu 1987. Iwo anaganiza kuti anthuwa anasonkherana ndalama zodyetsera osauka. Mwalawu unalembedwa patapita zaka 200 kapena kuposerapo chichokereni nthawi ya atumwi. Pambuyo pa mayina a Ayuda pali mndandanda wapadera wa oopa Mulungu oposa 50. Ena mwa iwo ndi amisiri wamba, osula mkuwa ndi ochapa nsalu, koma 9 oyambirira anali makhansala a mzindawo.