Mmene Dandaulo la Pamudzi Linafikira ku Zomba

Pa mwambo wa makolo, mfumu sinkaweruza yokha. Mlandu unkakambidwa pabwalo, nduna zili pambali, ndipo munthu wamba ankaloledwa kuimirira ndi kutsutsa. Mfumu yosamva anthu ake inkadzuka tsiku lina n'kupeza mabanja atasamuka, patatsala mabwinja okhaokha. Chimenecho ndicho chinali chilango chake.

Dziko litalowa m'manja mwa Angerezi mu 1891, chilango chimenechi chinatha mphamvu. Bwana wa pa boma sankaopa kuthawidwa, pakuti kulikonse kumene munthu akanasamukira, msonkho wa nyumba unkamupeza. Nanga wodandaula akanapita kwa yani?

Yankho linayambira ku Karonga mu 1912. Aphunzitsi, alaliki ndi makalaliki amene anaphunzira ku Livingstonia anakhazikitsa bungwe la North Nyasa Native Association, mlembi wake ali Levi Mumba. Njira yawo inali yofatsa koma yanzeru. Ankasonkhana, kukambirana za msonkho, za kuchepa kwa maphunziro, za amuna opita kukagwira ntchito ku South Africa ndi ku Southern Rhodesia n'kusiya mabanja pa umphawi. Akatero ankalemba zonse zimene agwirizana m'Chingerezi chosalala, n'kuzitumiza ku boma. Mphamvu inali m'kulembako. Mawu apakamwa bwana ankatha kuwakana mawa lake, koma kalata yokhala ndi tsiku ndi maina inkafuna yankho, ndipo yankholo likachedwa, msonkhano wotsatira unkalembanso kuti yankho silinabwere.

Ena anaona nakhumbira. Kwa Atonga kunabadwa bungwe la West Nyasa mu 1914, ku Mzimba la Mombera mu 1920, mmene munali Charles Chinula ndi Yesaya Chibambo, ndipo ku Lilongwe George Mwase anatsogolera la Chigawo cha Pakati kuyambira 1927. Komabe lililonse linkalira palokha, ndipo boma silinkavutika kuliyankha palokha. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Mumba anazindikira zimenezi, ndipo mu 1924 anathandiza kukhazikitsa ku Zomba komiti yoimira mabungwe a kumpoto, kuti madandaulo a maboma osiyanasiyana azifika pamodzi pakhomo pa Bwanamkubwa.

Mu 1933 atsamunda anapatsa mafumu mphamvu zina za ulamuliro ndi makhoti, nauza mabungwe aja kuti madandaulo awo azidzera kwa mafumuwo. Kunali kuchenjera: mphunzitsi wofunsa mafunso anamuika pansi pa mfumu imene mpando wake unkadalira boma lomwelo. Mabungwe ambiri anafooka. Moto unakolezedwanso ku Blantyre mu 1943 ndi James Sangala, ndipo mu 1944 mabungwewo anagwirizana kupanga Nyasaland African Congress. Mtsogoleri woyamba anali Levi Mumba yemwe uja, amene anamwalira chaka chotsatira.

Apa pali chinthu chimene mabuku a sukulu sachedwapo. Liwu litakula, linasintha nkhani. Maso a Congress anapita pa chitaganya cha 1953 ndi pa ufulu wa 1964, ndipo n'zomveka. Koma nkhani za msika, mlatho ndi khalidwe la mesenjala wa pa boma zinatsala m'mbuyo zopanda mwini. Kuyambira 1966, m'nthawi ya chipani chimodzi, kufunsa wolamulira mmene wagwiritsira ntchito ndalama kunasanduka mwano.

Lamulo la maboma ang'ono la 1998 linalonjeza kubwezera mphamvu kwa anthu. Makhansala anasankhidwa mu 2000, koma nthawi yawo itatha mu 2005, dziko linakhala zaka 9 popanda khansala mpaka chisankho cha 2014. Chimene chinayenda m'zaka zimenezo chinachokera pansi. Mu 2002 bungwe la CARE linayambitsa m'Malawi njira yoti anthu a m'midzi azipereka malikisi kwa chipatala chawo chaching'ono: kodi mankhwala amapezeka, kodi chimatsegulidwa nthawi yake, kodi odwala amalandiridwa mwaulemu? Ogwira ntchito nawonso ankadzipatsa malikisi, kenaka mbali ziwirizi zinkakumana maso ndi maso, akuluakulu a boma alipo, n'kulemba zoti zikonzedwe. Linali bwalo lakale lija, litangowonjezera cholembera cha Mumba. Njirayi inadzafalikira m'maiko ena a mu Africa ndi kutali.

Vuto la 1924 silinathe. Pabwalo la mudzi n'zotheka kukonza za nthawi yotsegulira chipatala, koma kusowa kwa mankhwala gwero lake lili kutali. Dandaulo lotere liyenera kukwera kuchoka ku komiti ya chitukuko ya mudzi, kudzera ku ya dera la mfumu yaikulu, mpaka ku khonsolo, ndipo limamveka bwino likafika limodzi ndi a midzi ina. Kuyambira 2020, pamene lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito, komiti yotere ili ndi ufulu wolembera khonsolo kupempha kuona ndondomeko ya ndalama ndi mapangano a makontilakitala.