Mtima Sudikira Msewu wa ku Lusaka

Kafue inakula ndi mafakitale. Nitrogen Chemicals of Zambia itatsegulidwa mu 1970, anthu anakhamukira kuno kudzafuna nchito, koma pa matenda aakulu a mtima maso athu anakhalabe ku UTH, makilomita oposa 40 kumpoto. Mtundawo si waung'ono kwa munthu amene mtsempha wa mtima watsekeka, poti mnofu wa mtimawo umayamba kufa ola lisanathe. Amafunika ECG msanga, mankhwala osungunula magazi oundana, kapena akatswiri otsegula mtsemphawo. Ngakhale a Frederick Chiluba thandizo la mtima ankakalipeza ku South Africa.

National Heart Hospital itayamba nchito mu 2021, tinapumako ndithu. Komabe ambulansi yochoka ku Kafue iyenera kudutsa Chilanga, kenako kulimbana ndi mizere ya mamotoka a mu Lusaka, isanafike pakhomo pake.