Migwirizano ya zipani ndi kafukufuku wa ovota pa zisankho za Malawi

Mgwirizano wa zipani ndi pangano lomwe zipani ziwiri kapena zingapo zimachita kuti ziimike munthu mmodzi pa chisankho kapena kuti ziyendetse boma limodzi. Kafukufuku wa maganizo a ovota ndi ntchito yofunsa anthu ochepa osankhidwa mwa ndondomeko pofuna kudziwa yemwe mtundu wonse ungamuvotere. M'Malawi ziwirizi zimayendera limodzi, chifukwa palibe chipani chomwe chili ndi otsatira ambiri m'zigawo zonse za dziko. Kufunika kwake kudakula mu 2020, pamene makhoti adagamula kuti wopambana pa mpando wa pulezidenti azipeza mavoti oposa theka la mavoti onse, lamulo lomwe anthu amangolitchula kuti 50+1.

## Chiyambi

Dziko la Malawi lidabwerera ku ulamuliro wa zipani zambiri pambuyo pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993. Pa chisankho cha pa 17 Meyi 1994, Bakili Muluzi wa UDF adapeza mavoti 47 peresenti, Hastings Kamuzu Banda wa MCP 33 peresenti, ndipo Chakufwa Chihana wa AFORD pafupifupi 19 peresenti. Aliyense adapeza mavoti ake ambiri kuchigawo chomwe ankachokera: Muluzi kummwera, Banda pakati, Chihana kumpoto. M'Nyumba ya Malamulo, yomwe idali ndi mipando 177, UDF idapeza mipando 85, MCP 56, AFORD 36.

Poti UDF idalibe aphungu oposa theka, idafunika bwenzi kuti bajeti ndi malamulo zizidutsa. AFORD idayamba yagwirizana ndi MCP, kenako m'chaka chomwecho idalowa m'boma, ndipo Chihana adakhala wachiwiri wina kwa pulezidenti, udindo womwe udakhazikitsidwa chifukwa cha mgwirizanowu. Iye adautula mu 1996. Kuyambira pamenepo, kugawana maudindo kwakhala phata la zokambirana zonse za migwirizano.

## Migwirizano kuyambira 1999 mpaka 2019

Mu 1999 MCP ndi AFORD zidaimika Gwanda Chakuamba, Chihana nakhala womutsatira. Awiriwa adapeza pafupifupi 45 peresenti, koma Muluzi adapambana ndi 52 peresenti. Mu 2004 zipani zisanu ndi ziwiri zidapanga gulu lotchedwa Mgwirizano, lotsogozedwa ndi Chakuamba yemweyo. MCP ya John Tembo idakana kulowamo, choncho mavoti a otsutsa adagawikana, ndipo Bingu wa Mutharika wa UDF adapambana ndi 36 peresenti yokha. Zotsatira zitangotuluka, Chakuamba adagwirizana ndi boma ndipo Mgwirizano udayamba kuphwasuka.

Chisankho cha 2009 chidaonetsa kuti atsogoleri akagwirana chanza, si kuti ovota awo atsatira. Muluzi ataletsedwa kupikisana nawo, UDF idapempha otsatira ake kuti avotere Tembo. Zaka zisanu m'mbuyomo, oimira zipani ziwirizi adapeza oposa 60 peresenti akaphatikizidwa, koma Tembo adangopeza pafupifupi 30 peresenti. Bingu, yemwe adali atachoka mu UDF ndi kuyambitsa DPP mu 2005, adapambana ndi 66 peresenti. Chimodzi mwa zomwe zidamukopera anthu ndi ndondomeko ya feteleza wotsika mtengo wa makuponi yomwe boma lake lidayambitsa.

Mu 2014 zipani zikuluzikulu zinayi zidaima chilichonse pachokha, ndipo Peter Mutharika wa DPP adapambana ndi 36.4 peresenti. Mu 2019 Joyce Banda wa PP adasiya kupikisana nathandiza Lazarus Chakwera wa MCP, koma Saulos Chilima wa UTM adaima payekha.

## Lamulo la 50+1

Gawo 80 la malamulo oyendetsera dziko limati pulezidenti asankhidwe ndi ovota ambiri. Mu 2000, pa mlandu womwe Chakuamba adakasuma, bwalo lalikulu la Supreme lidatanthauzira mawuwa kuti wopambana ndi amene waposa anzake, ngakhale asafike theka. Mu Disembala 2017 Nyumba ya Malamulo idakana bilu yofuna kukhazikitsa 50+1.

Pa chisankho cha pa 21 Meyi 2019, bungwe loyendetsa zisankho la MEC lidalengeza zotsatira izi:

- Peter Mutharika, DPP: mavoti 1,940,709, kapena 38.6 peresenti
- Lazarus Chakwera, MCP: mavoti 1,781,740, kapena 35.4 peresenti
- Saulos Chilima, UTM: mavoti 1,018,369, kapena 20.2 peresenti
- Atupele Muluzi, UDF: mavoti 235,164, kapena 4.7 peresenti

Chakwera ndi Chilima adakamang'ala kukhoti, ponena mwa zina kuti ziwerengero pa mapepala a zotsatira zidafufutidwa ndi Tipp-Ex. Pa 3 Febuluwale 2020 majaji asanu, motsogozedwa ndi Healey Potani, adathetsa zotsatirazo, adalamula kuti chisankho chichitikenso pasanathe masiku 150, ndipo adati mawu a gawo 80 akutanthauza mavoti oposa theka. Bwalo la Supreme lidavomereza chigamulochi pa 8 Meyi 2020. Malamulo a masiku ano amati ngati palibe wofika pa mlingowu, awiri otsogola apikisanenso kachiwiri.

## Tonse Alliance ndi chisankho cha 2020

Chigamulocho chidasintha masamu a zipani zonse. DPP ndi UDF zidalengeza mgwirizano wawo mu Febuluwale 2020, ndipo Atupele Muluzi adakhala womutsatira Mutharika. MCP ndi UTM zidasaina pangano lawo pa 19 Malichi ku Lilongwe. Gululi lidakula kufika zipani zisanu ndi zinayi, kuphatikizapo PP ndi AFORD, ndipo lidatchedwa Tonse Alliance. Chakwera adaima ngati pulezidenti, Chilima ngati womutsatira.

Pophatikiza mavoti a 2019, mbali ya Chakwera ndi Chilima idali ndi pafupifupi 56 peresenti, pamene ya Mutharika ndi Muluzi idali ndi 43 peresenti. Funso lidali loti kodi ovota a UTM, ambiri a iwo achinyamata, a m'mizinda ndi a kumpoto, avomera kuvotera mtsogoleri wa MCP, chipani chomwe ena adali kuchikumbukirabe ndi nkhanza za ulamuliro wa chipani chimodzi. Kafukufuku wa bungwe la IPOR yemwe adatuluka mu Juni adapeza kuti pafupifupi theka la ofunsidwa lidati livotera Chakwera, ndipo pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse adatchula Mutharika.

Pa 23 Juni 2020 Chakwera adapeza mavoti 2,604,043, pafupifupi 59 peresenti, pomwe Mutharika adapeza 1,751,877. Ulendo uno mavoti adasamukadi monga momwe atsogoleri adafunira. Chilima adayenda m'madera ambiri kukopera anthu Chakwera, ndipo mgwirizanowu udali ndi malonjezo osavuta kuwakumbukira: kudya katatu pa tsiku, ntchito 1 miliyoni, ndi thumba la feteleza la makilogalamu 50 pa mtengo wa K4,495.

## Momwe kafukufuku amachitikira

Mabungwe awiri ndiwo amadziwika kwambiri pa ntchitoyi. Afrobarometer imachita kafukufuku m'maiko ambiri a mu Africa, ndipo m'Malawi yakhala ikugwira ntchito ndi Centre for Social Research ya pa Yunivesite ya Malawi ku Zomba. IPOR, yomwe dzina lake lonse ndi Institute of Public Opinion and Research, ndi bungwe loima palokha lomwe lilinso ku Zomba, ndipo mmodzi mwa akuluakulu ake ndi katswiri wa ndale Boniface Dulani.

Ochita kafukufuku safunsa aliyense yemwe akumana naye pa msika. Amayamba ndi ziwerengero za kalembera wa anthu, n'kugawa chiwerengero cha ofunsidwa molingana ndi kuchuluka kwa anthu m'chigawo chilichonse, m'midzi ndi m'matauni. Midzi, makomo ndi munthu wofunsidwa pakhomopo zimasankhidwa mwa maere, ndipo amayi ndi abambo amafunsidwa mosinthanasinthana. Mafunso amafunsidwa pamaso m'pamaso, m'chilankhulo chomwe wofunsidwayo amamasuka nacho, monga Chichewa kapena Chitumbuka.

Anthu 1,200 osankhidwa motere amapereka chithunzi cha dziko lonse, koma zotsatira zikhoza kuphonya ndi maperesenti atatu, kukwera kapena kutsika. Choncho ngati opikisana awiri asiyana ndi maperesenti awiri okha, kafukufukuyo sanganene motsimikiza yemwe ali patsogolo. Zina zofunika kuzikumbukira powerenga zotsatira ndi izi: ena amakana kuyankha kapena amati sanaganize, ena amaopa kuti wofunsayo watumidwa ndi boma, ena amayankha koma tsiku lovota sapita, ndipo maganizo amatha kusintha m'masabata omaliza a kampeni. Komanso, m'boma limodzi mumafunsidwa anthu ochepa zedi, motero kafukufuku wa dziko lonse sangalosere yemwe adzakhale phungu wa dera.

Mu 2014 Afrobarometer idapeza kuti Mutharika adali patsogolo pang'ono ndipo Joyce Banda, yemwe adali pulezidenti nthawiyo, adali wachitatu. Zotsatira za chisankho zidatuluka mwa ndandanda womwewo. Ngakhale zili choncho, chipani chomwe kafukufuku sanachikomere nthawi zambiri chimamukana ndi kunena kuti ndi wogulidwa.

## Chitsanzo cha Kasungu

Boma la Kasungu, lomwe pa kalembera wa 2018 lidali ndi anthu oposa 800,000, limathandiza kumvetsa mphamvu ndi malire a mavoti a chigawo. Ndi kwawo kwa Kamuzu Banda, ndipo nyumba yake ya Nguru ya Nawambe ndi sukulu ya Kamuzu Academy ku Mtunthama zili m'bomali. Tauni ya Kasungu ili m'dera la mfumu yaikulu Kaomba. Pa zifukwa zimenezi, bomali limawerengedwa ngati kuchimake kwa MCP, ndipo MCP ikamakambirana ndi zipani zina imadalira mavoti a kuno pamodzi ndi a ku Lilongwe, Dowa, Ntchisi, Mchinji ndi Dedza pofuna kuti woimira mgwirizano akhale wake.

Komabe ovota a ku Kasungu si amtundu umodzi. Kumpoto kwa bomali, chakumalire ndi Mzimba, anthu ambiri amalankhula Chitumbuka. M'maesiteti a fodya muli matenanti ndi antchito omwe adachokera m'maboma ena, kuphatikizapo a kummwera. Kafukufuku yemwe angafunse anthu a pa boma pokha sangamve maganizo a magulu amenewa.

Chuma cha mabanja ambiri kuno chimadalira fodya ndi chimanga, motero mtengo wa feteleza ndiponso mitengo ya pa okushoni ya Chinkhoma ndi nkhani za ndale. Mu 2009, boma la Bingu likugawa makuponi ndi kuika mitengo yoyambira ya fodya, Ken Kandodo, wa kubanja la Kamuzu, adapambana mpando wa Kasungu Central pa tikiti ya DPP ndipo adasankhidwa kukhala nduna ya zachuma. Mu 2019 adabwerera ku Nyumba ya Malamulo ngati phungu wa MCP. Izi zikuonetsa kuti ngakhale kuchimake kwa chipani, alimi amatha kutembenuka akaona pomwe pali phindu.

## Kutha kwa Tonse ndi chisankho cha 2025

Pangano la MCP ndi UTM silidaulutsidwe lonse kwa anthu. Pa 1 Julayi 2022 Chilima adauza mtundu kuti adagwirizana zoti iye ndiye adzaimire mgwirizanowu mu 2025, koma MCP idati Chakwera adzaimanso. Chilima adamwalira pa ngozi ya ndege m'nkhalango ya Chikangawa pa 10 Juni 2024, ndipo mwezi wotsatira UTM idatuluka mu Tonse. Nthawi yomweyi chuma chidali pa mavuto: kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mafuta a galimoto ankasowa, ndipo mitengo ya chimanga ndi feteleza idakwera kwambiri.

Pa chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 padali opikisana 17. DPP idagwirizana ndi AFORD ya Enock Chihana, pamene UTM ya Dalitso Kabambe, UDF ndi PP zidaima pazokha. Kafukufuku wa IPOR wa mu Julayi adapatsa Mutharika 43 peresenti ndi Chakwera 26 peresenti, ndipo wotsatira adapatsa Mutharika 41 ndi Chakwera 31. Poona kuti palibe adafika theka, ambiri ankayembekezera chisankho chachibwereza. Koma Mutharika adapambana ulendo woyamba womwewo ndi 56.8 peresenti, Chakwera napeza 33 peresenti ndi Kabambe pafupifupi 4 peresenti. Kafukufukuyo adalasa pa yemwe adali patsogolo, koma kusiyana kwa mavoti kudakula kuposa momwe adaonetsera. Enock Chihana adapatsidwa udindo womwe bambo ake adakhalapo mu 1994.

## Poyerekeza ndi maiko ena

M'maiko momwe boma limapangidwa ndi aphungu, monga Iceland ndi Germany, zipani zimapikisana pazokha ndipo zimakambirana za mgwirizano chisankho chitatha. Ku Iceland, nyumba ya malamulo ya Althingi ili ndi mipando 63, choncho zipani zofuna kulamula zimayenera kusonkhanitsa aphungu 32, ndipo chipani chimodzi chikatuluka boma likhoza kugwa. M'Malawi, monganso ku Zambia komwe lamulo la 50+1 lidayamba mu 2016, migwirizano imachitika chisankho chisanafike. Pulezidenti akalumbira amakhala pa mpando zaka zisanu ngakhale anzake amuchokere, ndipo palibe lamulo lomukakamiza kusunga pangano la zipani. Aphungu nawo amasankhidwabe poposa anzawo m'dera, ndipo oima paokha amakhala ambiri: mu 2019 adalipo 55 mwa 193. Pa chifukwa ichi pulezidenti amafunanso mgwirizano wachiwiri, wa m'Nyumba ya Malamulo, womwe nthawi zina umasiyana ndi uja adapambana nawo chisankho.