Kodi Chitenje Chanu Chinachokera Kuti?

Pamene dzuŵa la October latentha m'chigwa cha Luangwa, ndipo anthu a ku Chama asonkhana pamwambo wa Kwenje kwa Mfumu Kambombo, bwalo lonse limadzala ndi zitenje zamaŵangamaŵanga. Kodi munadzifunsapo kumene zinachokera?

Makolo athu ankavala nyanda, imene ankaipanga mwa kusasantha makungwa a mitengo. Asenga ankalimanso thonje ndi kuwomba nsalu zawozawo. M'zaka za m'ma 1800, amalonda ogula minyanga ya njovu anabweretsa merikani, nsalu yoyera ya ku America. Koma maluŵa a pachitenje anachokera kutali koposa. Adatchi anatengera nsalu za batik za ku Java, nayamba kuzidinda ndi makina.

Zambia italandira ufulu mu 1964, mafakitale a ku Kafue, ndipo pambuyo pake ku Kabwe, anawomba thonje lathu. Komabe, pambuyo pa 1991 salaula wotchipa anadzaza misika. Fakitale ya Mulungushi inaima mu 2007, ndipo ambiri anatsala opanda ntchito.

Chotero achichepere inu, musanagule chovala cha paphwando, kumbukirani telala wa kwanu. Mukampatsa chitenje kuti asoke, ndalama yanu idzadyetsa banja la mnansi wanu.